Kodi banja limodzi likasiya kugula makala, nkhalango imapulumuka?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre: Ndine mphunzitsi, ndipo pakhomo pathu tilipo anthu asanu ndi mmodzi. Mwana wanga wamkazi, amene ali mu kalabu ya zachilengedwe kusukulu kwawo, wakhala akundiuza kuti thumba lililonse la makala limene ndimagula ndi mtengo umene ndagwetsa ndekha. Mawu akewa andikhudza, koma magetsi amathimathima, gasi ndi wodula, ndipo bambo amene amatibweretsera makala panjinga akhala akutero kwa zaka zambiri, moti ndikudziwa kuti ana awo amadya kuchokera pa ntchito imeneyi. Kodi banja limodzi likasiya makala pali chimene chimasintha? Nanga ubwino wake ndi zovuta zake n'zotani?

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu, limene mabanja ambiri a m'tauni ali nalo mumtima ngakhale salinena poyera. Ndiyambe ndi kunena kuti mwana wanu sakunama, ngakhale kuti wakusenzetsani katundu wolemera kuposa amene akukuyenerani. Makala ambiri amene amafika m'mizinda yathu amaotchedwa mu uvuni wa dothi, momwe zipika zimaunjikidwa, n'kukwiriridwa ndi udzu ndi nthaka, kenako n'kusiyidwa zikunyeka pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Uvuni wotere umawononga nkhuni zambiri, moti kuti patuluke kilogalamu imodzi ya makala pamalowa makilogalamu 7 mpaka 10 a zipika. Thumba lolemera makilogalamu 30 ndiye kuti latha zipika zolemera makilogalamu oposa 200, ndipo banja limene limamaliza matumba awiri pamwezi limatentha matani 5 kapena kuposerapo a mitengo pachaka, ngakhale kuti palibe aliyense m'banjamo amene anagwirapo nkhwangwa.

Chimene chimapangitsa kuti wogula wa m'tauni akhale ndi gawo lalikulu pa nkhaniyi n'chakuti makala ndi malonda a m'tauni. Anthu a kumudzi amaphikira nkhuni, ndipo nthawi zambiri amatola nthambi zouma, mapesi, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo yotsala m'munda. Wootcha makala sangadalire zimenezi, chifukwa iye amafuna thunthu lalikulu la mtengo wamoyo, makamaka wolimba monga tsanya, muwanga, mombo ndi tsamba, popeza ogula ake amafuna makala olemera amene amakhalitsa pambaula. Pofika chaka cha 2018, pamene kalembera anapeza kuti m'Malawi muli anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, mabanja pafupifupi atatu mwa anayi alionse a m'mizinda ankadalira makala pophika. Magalimoto ndi njinga zimene mumaziona pa msewu wa Zalewa zikuchokera ku Neno ndi ku Mwanza zimabwera chifukwa ku Blantyre kuli ogula, ndipo n'chimodzimodzi ndi anthu amene amakankha njinga usiku kuchokera ku Dzalanyama kulowera ku Lilongwe. Kafukufuku amene anachitika mu 2007 m'mizinda yathu ikuluikulu anasonyeza kuti makala oposa theka ankachokera m'nkhalango zotetezedwa ndi boma.

Mitengo yachilengedwe ikagwa, timataya zambiri kuposa mthunzi. Bowa wambiri amene amagulitsidwa m'mbali mwa misewu nthawi ya dzinja amamera pokhapokha pamene pali mizu ya mitengo yamtundu wa mombo ndi msuku, chifukwa amakhalira limodzi ndi mizuyo, ndipo sangabwerere pamalo pamene padzalidwa bulugama kapena paini. Masuku, mphalabungu, uchi ndi mankhwala azitsamba zimachoka pamodzi ndi nkhalangoyo, ndipo zimenezi ndi ndiwo komanso ndalama za amayi a m'midzi yozungulira. Kuwonjezera apo pali madzi. Mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu a Kamuzu, umachokera ku Dzalanyama, ndipo n'chifukwa chake mu 2015 boma linafika potumiza asilikali kukalondera nkhalango imeneyi. Inu a ku Blantyre simufunika kupita kutali kuti muone zimenezi, pakuti phiri la Ndirande, limene akuluakulu amalikumbukira lili ndi mitengo yowirira, lakhala ladazi kuyambira zaka za m'ma 1990, ndipo Michiru, amene mumamuona mukatuluka pakhomo panu, wakhala akulowereredwa m'zaka zaposachedwapa.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna kuti aliyense wodandaula za kuthimathima kwa magetsi achimvetse. Magetsi athu ambiri amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mapiri a m'chigwa cha Shire akakhala opanda mitengo, mvula imakokolola nthaka n'kuithira mumtsinje, matope amadzaza madamu, zinyalala ndi namasupuni zimatseka malo olowera madzi, ndipo makina amaimitsidwa kuti ayeretsedwe. Magetsi akathima, mabanja a m'tauni amathamangira ku makala, ndipo mitengo ina imagwa m'chigwa chomwecho. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo ngakhale mabanja amene anali atazolowera kuphikira magetsi anabwerera ku mbaula. Sindikunena kuti mitengo ikanaletsa namondwe, monganso sindinganene kuti ikanaletsa zonse zimene zinachitika ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, chifukwa mvula imeneyo inali yoposa muyeso. Koma nthaka yopanda mizu yoigwira imachoka msanga, ndipo madzi othamanga paphiri losadzala kanthu amafika kumunsi ndi ukali wochuluka.

Ubwino umene banja lanu lingauone msanga uli m'nyumba mwanu momwe. Makala satulutsa utsi wambiri ngati nkhuni, ndipo n'chifukwa chake anthu amawayesa aukhondo, koma amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha. Chaka chilichonse m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi timamva za anthu amene agona ndi mbaula m'chipinda chotseka osadzukanso. Ngakhale pamene sunafike pakupha, mpweya umenewu umabweretsa litsipa, chizungulire ndi kufooka kwa amene amakhala kukhitchini nthawi yaitali, amene kawirikawiri ndi mayi, mtsikana wantchito, kapena mwana wobelekedwa kumsana. Palinso nthawi. Kukoleza mbaula m'mawa kuti muwiritse madzi a tiyi kumatenga mphindi zambiri, ndipo madziwo akawira makala amapitiriza kunyeka opanda mphika. Kwa mphunzitsi amene ayenera kukhala m'kalasi isanakwane 7:30, chitofu chimene chimayaka ndi kuzima pa nthawi imene mwafuna ndi thandizo lenileni.

Pa nkhani ya ndalama, ambiri amalakwitsa poyerekeza mtengo wa kilogalamu ya gasi ndi mtengo wa kilogalamu ya makala ngati kuti zimagwira ntchito yofanana. Mbaula wamba yachitsulo imafikitsa mumphika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a moto wa makala, ndipo wotsalawo umathawira m'mbali, pamene chitofu cha gasi chimafikitsa mumphika pafupifupi theka la moto wake, komanso gasiyo ali ndi mphamvu zambiri pa kilogalamu. Zikaphatikizidwa, kilogalamu imodzi ya gasi imaphika zimene zingafune makilogalamu 3 mpaka 4 a makala, ndipo kilogalamu imodzi ya makala imafanana ndi mayuniti awiri kapena atatu a magetsi pa chitofu wamba. Mukatenga mitengo ya sabata ino kwanuko n'kuwerengera motere, mukhoza kudabwa kupeza kuti kusiyana kwake n'kochepa kuposa mmene munkaganizira, ndipo nthawi ya mvula, pamene makala amakwera mtengo chifukwa ootcha ali kumunda ndipo misewu yaterera, magetsi amatha kukhala otsikirapo.

Zovuta nazo zilipo, ndipo sindingakhale ndikukuthandizani ngati nditazichepetsa. Choyamba n'chakuti njira zoyera zimafuna ndalama zambiri pa tsiku loyamba. Kuti muyambe kuphikira gasi muyenera kugula silinda, chitofu, paipi ndi kachipangizo kowongolera mpweya, kenako n'kudzaza silindayo ndi ndalama ya kamodzi. Makala ali ndi mwayi umene njira zinazi zilibe, woti amagulika pang'onopang'ono. Mayi wogulitsa tomato ku Ndirande akhoza kugula kajumbo ka makala kokwanira kuphikira nsima ya madzulo ano, mawa n'kudzaonanso, ngakhale kuti akawerengera mwezi wonse amakhala atalipira zambiri kuposa wogula thumba lathunthu. Umphawi umadulitsa zinthu motero. Komanso gasi yense amene timagwiritsa ntchito amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja, choncho kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabanja amene anali atasintha anaona mtengo wodzazira silinda ukukwera, ndipo nthawi zina gasiyo ankasowa kumene m'malo ogulitsira. Banja limene lataya mbaula yake podalira njira imodzi likhoza kugona ndi njala pa tsiku limene magetsi athima ndipo silinda yatha.

Ndiyeneranso kunena kuti gasi si wopanda banga. Amachokera ku mafuta okumbidwa pansi, ndipo anthu ena okonda chilengedwe amamukana pa chifukwa chimenechi. Maganizo anga ndi akuti m'dziko ngati lathu, limene mpweya wake wowononga nyengo ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mayiko olemera, ndiponso limene vuto lake lalikulu ndi kutha kwa nkhalango, kilogalamu ya gasi imene yapulumutsa makilogalamu 20 kapena 30 a mitengo yachilengedwe yachita zabwino zambiri kuposa zoipa. Mfundo za kagulidwe kosamala chilengedwe zimene zinakonzedwa poganizira ogula a ku London kapena ku Berlin siziyenera kutengedwa zonse osaziyesa ndi moyo wa kuno.

Chovuta china n'chakuti wogula wa kuno alibe njira yodziwira kumene katundu wachokera. Munthu wa ku Britain akagula shuga wochokera kwa alimi a Kasinthula ku Chikwawa, kapena tiyi wa alimi ang'onoang'ono a ku Mulanje, amaona chizindikiro cha Fairtrade pa paketi, ndipo amadziwa kuti pali bungwe limene limayendera alimiwo komanso kuti pa tani iliyonse ya shuga pamaperekedwa madola 60 owonjezera oti agwire ntchito zachitukuko m'deralo. Ndondomeko imeneyo ili ndi zofooka zake, koma imapatsa wogula pogwira. Thumba la makala lilibe chizindikiro chilichonse. Makala ovomerezeka alipo, monga amene amaotchedwa ndi a Kawandama Hills kumapiri a Viphya kuchokera ku mitengo yodzalidwa yamtundu wa bulugama, ndipo amagulitsidwa m'matumba olembedwa m'masitolo ena, koma ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene mizinda yathu imatentha, ndipo sapezeka m'misika ya m'makwalala kumene anthu ambiri amagula. Ena amadandaula kuti makala a mitengo yodzalidwa ndi opepukirapo ndipo amatha msanga kuposa a tsanya. Mabriketi opangidwa ndi utuchi, mankhusu a mpunga kapena makoko a mtedza nawo amasiyana ubwino malinga ndi wopanga, ndipo ena amavuta kuyatsa kapena amasiya phulusa lambiri, moti mayi amene wakhumudwa nawo kamodzi sabwereranso.

Tsopano ndifike pa bambo amene amakubweretserani makala, chifukwa ndikuona kuti ndi pamene mtima wanu wagona, ndipo mwachita bwino kuwaganizira. Kafukufuku wa 2007 uja anapeza kuti anthu oposa 90,000 ankapeza zosowa zawo kuchokera ku malonda a makala, kuyambira wodula, wootcha, wonyamula mpaka wogulitsa pamsika, ndipo popeza mizinda yakula kuyambira nthawi imeneyo, n'zosakayikitsa kuti lero alipo ochulukirapo. Munthu sakankha njinga yosenza matumba atatu kapena anayi mtunda wa makilomita makumi angapo, kukwera zitunda usiku, chifukwa chokonda ntchitoyo. Ambiri amalowamo chimanga chikatha m'nkhokwe, feteleza akakwera mtengo, kapena mwana akasankhidwa kupita ku sekondale. Lamulo la zankhalango la 1997 limafuna kuti wootcha makala akhale ndi chiphaso, ndipo litakonzedwanso mu 2020 zilango zake zinakula kwambiri, mpaka makhoti kulanda magalimoto onyamula makala. Komabe kwa zaka zambiri ziphaso zinkaperekedwa kwa anthu owerengeka chabe, pamene mizinda yonse inkaphikira makala tsiku ndi tsiku. Malonda amene aliyense amawafuna koma lamulo silikuwavomereza amabala ziphuphu m'njira, ndipo amene amalandidwa njinga ndi thumba kawirikawiri ndi wosauka, pamene mwini lole amadziwa podutsa.

Pamenepa pali zoona ziwiri zimene ziyenera kunenedwa limodzi. Mukasiya kugula mwadzidzidzi, bambowa ataya kasitomala wodalirika, ndipo kwa banja lokhalira ndalama ya tsiku limenelo kutaya kotere kumamveka m'mbale. Komanso ntchito yawo, mmene ikuyendera panopa, ikudzidya yokha. Chaka chilichonse ootcha amapita kutali kuposa chaka chatha, ena mpaka kuwoloka malire kulowa ku Mozambique, ndipo phindu lalikulu limatsalira kwa onyamula pa magalimoto ndi ogulitsa mopikulitsa, pamene mudzi umene wapereka mitengo umatsala ndi zitsa, zitsime zouma ndi minda yokokoloka. Kupitiriza kugula matumba awiri pamwezi chifukwa cha chifundo kumawathandiza bambowa chaka chino, koma sikuwasiyira ana awo chodalira. Sindikuona kuti chifundo chanu ndi mawu a mwana wanu zikutsutsana kwenikweni. Zonse ziwiri zikufunsa za anthu a ku Neno ndi ku Mwanza, china chikuyang'ana mwezi uno ndipo china chikuyang'ana zaka khumi zikubwerazi.

Mwafunsa ngati banja limodzi lingasinthe kanthu, ndipo yankho loona ndi lakuti palokha limasintha zochepa. Thumba limene simunagule mawa ligulidwa ndi mnansi wanu, ndipo ngati mabanja angapo atasiya, mtengo ukhoza kutsika pang'ono n'kuchititsa ena kugula ochulukirapo. Komanso makala si okhawo amene akumaliza mitengo. Kutsegula minda yatsopano, kuotcha njerwa, kuchiza fodya wa m'mabani ndi kucheka matabwa zonse zili ndi gawo lake. Nkhani ya majumbo opyapyala ikutiphunzitsa kanthu pamenepa. Boma linawaletsa mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma majumbowo anapitiriza kupezeka m'misika kwa zaka zambiri chifukwa cha milandu yotsatizana ndi kufooka kwa kalondolondo. Mayi amene ankapita kumsika ndi dengu lake anachita bwino, koma ngalande za m'tauni sizinayere chifukwa cha iye yekha. Zinthu zikuluzikulu monga magetsi odalirika, gasi wopezeka pafupi ndi m'masilinda ang'onoang'ono, ndi ziphaso zoperekedwa kwa magulu a m'midzi amene amasamala nkhalango zawo, zili m'manja mwa boma, ndipo ndondomeko ya dziko yokhudza makala ya 2017 mpaka 2027 inazitchula kale zimenezi.

Ngakhale zili choncho, sindingakuuzeni kuti musiye kuganizira nkhaniyi. Matani awiri kapena atatu a mitengo amene banja lanu lingapulumutse pachaka pochepetsa makala ndi theka ndi mitengo yeniyeni yoimirira penapake. Kuposa pamenepo, msika wa njira zatsopano umayamba ndi ogula oyamba. Wogulitsa gasi amatsegula malo m'dera limene muli makasitomala, wopanga mabriketi amakonza katundu wake akapeza omugula mobwerezabwereza amene amamuuza zolakwika, ndipo mmisiri amaphunzira kukonza miphika yamagetsi ikachuluka m'makomo. Anthu a kuno timatengera kwambiri zimene taona kwa mnansi, kwa mlamu kapena kwa mnzathu wa kumpingo, ndipo mphunzitsi ndi munthu amene anthu amayang'ana khomo lake.

Pali mbali imodzi ya kagulidwe kosamala chilengedwe imene imandidetsa nkhawa, ndiyo kusanduka chida chonyozera osauka. Kalembera wa 2018 anasonyeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 alionse anali ndi magetsi a ESCOM. Banja lochita lendi m'chipinda chimodzi ku Mbayani, lopanda magetsi ndiponso lopanda malo osonkhera nkhuni, silinasankhe makala, chifukwa panalibe china choti lisankhe. Udindo waukulu uli pa amene ali ndi magetsi m'nyumba ndi malipiro a pamwezi koma amaimitsa galimoto pa Zalewa kapena pa msewu wa Mchinji n'kulonga matumba asanu kumbuyo, komanso pa malo odyera, masukulu ogonera konko ndi oweta nkhuku amene amatentha makala ambirimbiri pofunditsa anapiye. Inu muli pakati, muli ndi magetsi ndi malipiro ngakhale ndi osakwanira, choncho muli ndi mpata wochitapo kanthu umene ena alibe. Mwana wanu muyenera kumuthandiza kuona kusiyana kumeneku, kuti chidwi chake chabwinocho chisamuchititse kuweruza anzake a m'kalasi amene makolo awo sangathe kusintha.

Ndikanakhala inu, sindikanayamba ndi lumbiro losiya makala kotheratu, chifukwa malumbiro otere amatha pa tsiku loyamba limene magetsi athima alendo ali pakhomo. Ndikanayamba ndi kuyeza. Lembani tsiku limene mwatsegula thumba ndi tsiku limene latha, ndipo kwa sabata ziwiri muzionetsetsa zakudya zimene zimadya moto wambiri. M'makomo ambiri mudzapeza kuti ndi nyemba, nandolo wouma, chingowe, nyama yolimba, makondo ndi madzi osamba. Nsima ndi ndiwo zamasamba zimapsa msanga ndipo sizitha makala ambiri. Nyemba zonyikidwa m'madzi usiku wonse zimapsa pa nthawi yochepa kwambiri kuposa zouma, ndipo mphika wovundikira bwino umasunga moto umene mphika wosavundikira umautaya. Nyemba zikawira kwa mphindi 15 kapena 20, mukhoza kuziphula n'kuika mphikawo m'dengu lokutidwa bwino ndi bulangeti lakale kapena nsanza zoyera, ndipo zimapitiriza kupsa zokha kwa maola angapo popanda moto. Njira imeneyi siifuna ndalama iliyonse.

Ngati pali ndalama imodzi yokha imene mungasunge, kaya kudzera ku banki m'khonde kapena ku chipereganyu cha aphunzitsi anzanu, ndingakulangizeni mphika wamagetsi wotseka mpweya, umene m'masitolo amautcha pressure cooker. Umaphika nyemba za banja lonse osakwana ola limodzi ndipo sumaliza ngakhale yuniti imodzi, chifukwa ukafika pa kutentha kofunika umadzizimitsa wokha n'kumasunga kutenthako mkati. Popeza ndondomeko ya kuthima kwa magetsi imalengezedwa nthawi zambiri, mukhoza kuphika ndiwo zovutazo pamene magetsi alipo n'kudzangozitenthetsa. Silinda yaing'ono ya gasi, ya makilogalamu 3 kapena 6, ingabwere pambuyo pake kuti izigwira ntchito za m'mawa zofuna changu. Ndipo pa masiku amene makala sangapewedwe, mbaula yokhala ndi dothi lootcha mkati, imene ena amaitcha jiko, imasunga moto bwino kuposa yachitsulo chokhachokha ndipo imachepetsa makala ndi gawo looneka. Mukamaliza kuphika, makala otsala muziwazimitsa powatsekera m'chitini chokhala ndi chivundikiro kuti mudzawagwiritsenso ntchito, m'malo mowasiya asanduke phulusa. Ngati pakhomo panu pali bwalo ndipo mumapeza nthambi zodulidwa posadza mitengo kapena zitsononkho, Chitetezo Mbaula, imene imaumbidwa ndi magulu a amayi m'maboma ambiri, ndi yotsika mtengo ndipo ndi yabwino potenthetsa madzi osamba ndi nkhuni zochepa.

Za bambo aja, ndikupemphani kuti mulankhule nawo m'malo mongowasiya adzapeze pakhomo potseka. Auzeni kuti kuyambira mwezi wakutiwakuti muzitenga thumba limodzi m'malo mwa awiri, kuti akhale ndi nthawi yokonzekera. Afunseni kumene makalawo amachokera komanso zina zimene kwawoko kumapezeka, chifukwa munthu amene ali ndi njinga yolimba, amadziwa njira ndipo ali ndi makasitomala omukhulupirira m'tauni ali kale ndi zofunika pa malonda ena. Ku Neno kumachokera mbatata ya kachewere, ndipo Mwanza ndi kwawo kwa manachesi. Nandolo, nkhuku zachikuda, uchi ndi malambe ndi zinthu zimene banja lanu limagula kale kwina, ndipo mukamazigula kwa iwo ndalama imene inkapita ku thumba lachiwiri ikhoza kumafikabe m'manja mwawo. Sindikulonjeza kuti zidzatheka mosavuta, popeza makala sawola ndipo ali ndi msika tsiku lililonse pamene zipatso zili ndi nyengo yake, koma ndi bwino kuyesa kusiyana n'kungodula ubale wa zaka zambiri. Ngati kwawoko ali ndi malo, mungawauzenso kuti zitsa za mitengo yachilengedwe zimaphukira zokha zikatetezedwa ku moto ndi mbuzi, ndipo kusamala mphukira zotere, kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa chilichonse, kumabwezeretsa mitengo msanga ndiponso motsika mtengo kuposa kudzala mbande zimene zambiri zimafa chilimwe choyamba. Nsungwi nazo zimakula msanga, zimadulidwa chaka ndi chaka osafa, ndipo zimatulutsa makala abwino.

Mwana wanu mum'patse ntchito yosunga kope la zoyeza zija, azilemba tsiku lotsegula thumba, mayuniti amene mwagula ndi tsiku lodzaza silinda, ndipo pakatha miyezi itatu mudzakhale pansi nonse n'kuwerengera kuti makala atsika ndi makilogalamu angati komanso kuti ndalama yonse yophikira yakwera kapena yatsika. Akachulukitsa makilogalamu opulumutsidwawo ndi 7 adzapeza kulemera kwa mitengo imene yatsala chiimire chifukwa cha khitchini yanu, ndipo chiwerengero chimenecho akhoza kukachionetsa ku kalabu yawo nyengo yodzala mitengo ikamayamba pa 15 Disembala.